Kutentha sikuzimitsidwa ngati magetsi: mmene asayansi amaziziritsira zipangizo zawo

Amene amagulitsa zakumwa zozizira mumzinda wa Tete mwezi wa Okutobala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, amadziwa bwino kuti firiji sipanga kuzizira. Imangochotsa kutentha m'kati n'kukutaya kunja. Ikani dzanja kumbuyo kwake mumve mmene timapaipi takuda tija tikuotchera; kumeneko ndi kutentha kwa m'mabotolo kukutuluka. Kuzizira si chinthu choti mungathire m'chitini. Ndi kuchepa kwa kutentha basi, ndipo kutentha kumene mwapitikitsa kumafunafuna njira yobwerera usana ndi usiku. Nkhaniyi ndi ya mmene asayansi amalimbanira ndi kutentha kumeneku m'zipangizo zawo, makamaka pogwiritsa ntchito kachipangizo kotchedwa swichi ya kutentha.

Firiji yosungira nsomba za ku Cahora Bassa ikafika madigiri 18 pansi pa ziro timati yazizira kwambiri. Kwa opanga zipangizo zoyezera zakuthambo, pamenepo m'potenthabe koopsa. Kutentha ndi kugwedezeka kwa maatomu, tizidutswa tosaoneka timene timapanga chinthu chilichonse, ndipo kugwedezekako kuli ndi pothera pake: madigiri 273.15 pansi pa ziro. Kupitirira apo kulibe. Asayansi amayamba kuwerenga kuchokera pamenepo m'muyezo wa kelvin (mwachidule K), umene Lord Kelvin anaufotokoza mu 1848. Madzi amaundana pa 273 K, thupi lanu lili pa 310 K. Nayitirojeni, amene a zaziweto amasungiramo umuna wa ng'ombe, amakhala wamadzimadzi pa 77 K. Helium ndiye wouma mutu kuposa mipweya yonse: sasanduka madzi mpaka pa 4.2 K, ndipo woyamba kumugonjetsa anali Heike Kamerlingh Onnes ku Leiden mu 1908. Patatha zaka zitatu, mu 1911, bambo yemweyu anapeza kuti mercury, chitsulo chamadzimadzi chija, akazizira chomwecho magetsi amadutsamo popanda chopinga chilichonse. Maginito a makina a MRI m'zipatala zikuluzikulu amadalira zimenezi mpaka lero.

Nanga kuzizira kotereku akukufuniranji? Chinthu chilichonse chofunda chimawala, kungoti maso athu sakuona. Thupi la munthu, khoma la nyumba, mwala wogona padzuwa, zonse zimatulutsa kuwala kotchedwa infrared. Telesikopu yofuna kuona infrared yofooka yochokera ku milalang'amba yakutali, iyo mwini ikakhala yofunda imadzithobwa m'maso ndi kuwala kwake komwe. Komanso m'waya aliyense wofunda maelekitironi, tizidutswa tonyamula magetsi, amangoyendayenda mwachisawawa n'kupanga kaphokoso ka magetsi kamene kamaphimba uthenga wofooka. Mukaziziritsa waya, kaphokosoko kamachepa.

Palinso zipangizo zimene ntchito yake ndi kuyeza kutentha kwenikweniko. Setilaiti ya XRISM, imene Japan inatumiza kuthambo mu Sepitembala 2023 mogwirizana ndi NASA, ili ndi chipangizo chotchedwa Resolve. Pamtima pake pali timaso 36, tisanu ndi kamodzi mbali iyi, tisanu ndi kamodzi mbali inayo. Kadontho kamodzi ka kuwala kwa X-ray kakagunda diso limodzi, disolo limafunda pang'ono. Kukula kwa kufundako kumaulula mphamvu ya kadonthoko, ndipo mphamvuyo imaulula ngati kachokera ku chitsulo kapena ku mtundu wina wa maatomu a nyenyezi yophulika. Pa kutentha kwa m'nyumba kufunda kotereku sikungaoneke n'komwe. Pa 0.05 K, pamene Resolve amagwirira ntchito, chinthu sichifuna mphamvu yambiri kuti chifunde, ndiye kadontho kamodzi kokha kamasiya chizindikiro choyezeka.

Kutentha kuli ndi njira zitatu zolowera. Kumayenda m'chinthu cholimba, kumanyamulidwa ndi mpweya kapena madzi, ndipo kumaulukanso monga kuwala ngakhale pamalo popanda kanthu. James Dewar anatseka njira zonse zitatu mu 1892 ndi botolo la makoma awiri: pakati pa makomawo anapopamo mpweya wonse, pambuyo pake makomawo anawapaka siliva kuti azibweza kuwala, ndipo polumikizira panangotsala pakhosi pa botolo. Fulasiki ya tiyi imene muli nayo kunyumba inachokera pamenepa. Telesikopu ya James Webb, imene inanyamuka pa 25 Disembala 2021 n'kukakhala pamtunda wa makilomita 1.5 miliyoni kuchokera padziko, imagwiritsa nzeru yomweyi koma pamlingo wina. Ili ndi chotchinga dzuwa cha nsalu zisanu zopyapyala zonyezimira, mamita pafupifupi 21 m'litali ndi 14 m'lifupi. Mbali yoyang'ana dzuwa imafika madigiri 85, mbali ya mthunzi imatsika kufika cha m'ma 40 K popanda makina alionse.

Mthunzi wokha sufikitsa pansi kwenikweni. Kale njira inali yonyamula thanki ya helium wamadzimadzi n'kumusiya aziphwa pang'onopang'ono, akutenga kutentha. Vuto lake n'lodziwikiratu. Telesikopu ya Spitzer inanyamuka mu 2003 ndi malita 360, ndipo anatha mu Meyi 2009. Herschel inanyamula malita oposa 2,300 mu 2009, anatha mu Epulo 2013, ndipo telesikopu yonse, magalasi ake ali bwinobwino, inathera pomwepo. N'chifukwa chake masiku ano ambiri amakonda makina oziziritsa amene amapanikiza mpweya wa helium n'kuulola ufutukuke mobwerezabwereza osautaya. Chipangizo cha MIRI choonera infrared cha pa Webb chimazizira motero, ndipo chinafika 6.4 K mu Epulo 2022. Madishi 64 a telesikopu ya MeerKAT ku Karoo ku South Africa nawo ali ndi makina otere oziziritsa zolandirira mafunde a wailesi. Nkhaniyi ikutikhudza ndithu, popeza Mozambique ndi limodzi mwa mayiko asanu ndi atatu a mu Africa amene ali pamodzi ndi South Africa pa ntchito ya telesikopu yaikulu ya SKA.

Makinawa amadya magetsi mochititsa mantha. Malamulo a sayansi ya kutentha amanena kuti kuchotsa wati imodzi yokha ya kutentha pa 4.2 K n'kukaitaya kunja kumafuna mawati osachepera 70, makinawo atakhala angwiro. Makina enieni a m'malabotale amadya mawati cha m'ma 7,000 kuti achotse wati imodzi ndi theka. Mukatsika kufika pa 0.05 K, ngakhale gawo limodzi mwa magawo miliyoni a wati limawerengedwa. Ndiye kabowo kalikonse kolowera kutentha kamakhala ndi mtengo wake, ndipo apa mpamene pamabwera kachipangizo kamene sikatchulidwa kawirikawiri m'nkhani za matelesikopu: swichi ya kutentha.

Ntchito yake ndi yosavuta kunena. Nthawi ina mukufuna kuti zinthu ziwiri zigwirane bwino kuti kutentha kuchoke m'chimodzi kupite m'chinzake. Nthawi ina mukufuna zilekane kotheratu. Pa magetsi zimenezi n'zamasewera. Mkuwa umayendetsa magetsi kuposa galasi ndi nambala ya 1 yotsatidwa ndi maziro pafupifupi 20, ndiye mukadina swichi pakhoma getsi limazimiratu. Kutentha sikutero. Mkuwa umayendetsa kutentha kuposa mpweya maulendo cha m'ma 15,000 okha, ndipo palibe chinthu cholimba chimene chimakukaniratu. Alimi a mbatata ya kachewere m'madimba a ku Angónia ndi Tsangano amazidziwa izi m'njira yawo: ngalande yotseka ndi chibuma siuma, madzi amatsetserekabe pansi pa chibumacho. Swichi ya kutentha ili chimodzimodzi. Katswiri safunsa ngati ikudontha. Amafunsa kuti ikudontha zingati poyerekeza ndi zimene imadutsitsa ikatsegulidwa, ndipo luso lonse lagona pa kukulitsa kusiyana kumeneku.

Imafunika m'malo angapo. Poyamba kuziziritsa chipangizo kuchokera pa kutentha kwa m'nyumba, gawo lam'kati kwambiri, limene analipatula mwadala kuti lisalandire kutentha, silingathenso kutaya kutentha kwake. Popanda swichi lingatenge masabata. Setilaiti ikanyamula makina oziziritsa awiri, ena ongodikira kuti anzawo akawonongeka alowe m'malo, makina ozimitsidwawo amasanduka mlatho wodutsira kutentha, ndiye ayenera kudulidwa. Koma pamene swichi imaonetsa kufunika kwake kwenikweni ndi m'firiji ya maginito.

Firiji imeneyi ilibe kompresa kapena paipi. M'kati mwake muli mchere wapadera, monga ferric ammonium alum kapena chromium potassium alum, umene maatomu ake ena ali ngati timaginito tating'ono toloza mbali zonse mwachisawawa. Mukayatsa maginito amphamvu pozungulira mcherewo, timaginitoto timakakamizika kuloza mbali imodzi, ndipo pochita zimenezi timatulutsa kutentha, mchere umafunda. Apa swichi iyenera kulumikiza kuti kutenthako kutulukire ku gawo lozizira la pafupi. Mchere ukazizira, swichi imadulidwa. Kenako maginito amachepetsedwa mphamvu pang'onopang'ono. Timaginito tija timafuna kubwerera ku chisawawa chake, koma kuti titero tikufunika mphamvu, ndipo pokhala kuti njira yatsekedwa, timaitenga m'mchere momwemo ndi m'chipangizo chomangiriridwa pamenepo. Kutentha kumagwa. Peter Debye ndi William Giauque anaganiza njirayi payekhapayekha cha m'ma 1926 ndi 1927, ndipo mu 1933 Giauque ndi mnzake MacDougall ku Berkeley anafika 0.25 K. Mphamvu ya maginito ikatha, pakapita maola ambiri, ntchito imayambiranso: kuyatsa, kulumikiza, kudula, kuchepetsa. Swichi ikalephera kulumikiza, mchere sutaya kutentha. Ikalephera kudula, kutentha kumabwerera. Mbali zonse ziwiri firiji yafa.

Njira yoyamba imene aliyense angaganize ndi ya zitsulo zogwirana: nsagwada ziwiri zamkuwa zimene zimaluma kachitsulo kapakati, n'kukasiya zikauzidwa. Ikasiya, imasiyadi, ndipo pa kudula palibe ina yoiposa. Zovuta zili pa kuluma. Zitsulo ziwiri zosalala m'maso zimakhudzana pa timapiri tochepa tosaoneka, ndiye kuchuluka kwa kutentha kodutsa kumadalira mphamvu ya kufinya, osati kukula kwa nkhope zake. Amazikuta ndi golide popeza golide ndi wofewa ndiponso sachita dzimbiri. Kufinyako kumafuna mota kapena ndodo yochokera kunja, imene nayo imabweretsa kutentha, ndipo kugwedezeka kwa polekana kumafunditsa chimene mumafuna chizizire. M'labotale, momwe munthu angatsegule n'kukonza, njirayi ndi yabwino. Kuthambo akatswiri amaopa chilichonse choyenda.

Njira ina imagwira ntchito pansi pa 1 K pokha. Mu chitsulo wamba, maelekitironi omwe amanyamula magetsi ndi omwenso amanyamula kutentha. Koma aluminiyamu akazizira kupitirira 1.2 K, kapena mtovu kupitirira 7.2 K, maelekitironi amagwirana awiriawiri, ndipo akatero amanyamula magetsi mosavuta koma kutentha sanyamula. Kachidutswa ka aluminiyamu kamasanduka khoma. Mukayatsa kamaginito kakang'ono pambali pake, kugwiranako kumatha, kachidutswako kamakhalanso mlatho. Palibe choyenda, palibe chotha. Kungoti imadula bwino pokhapokha kuzizira kutatsika kutali pansi pa malire aja.

Imene ine ndimaiona kuti ndi yanzeru kuposa zonse ndi swichi ya mpata wa mpweya, ndipo ndi imene ili m'firiji ya maginito ya Resolve. Ndi kachitini kotalika masentimita ochepa. Kumapeto kwake konse kuwiri kuli mkuwa, ndipo kuchokera kumapeto kulikonse kumatuluka timapepala tamkuwa tolowerana ndi ta mbali inayo popanda kukhudzana. Mpata wa pakati pake ndi kagawo chabe ka milimita imodzi. Khoma lozungulira ndi la chitsulo chopyapyala kwambiri chosayendetsa bwino kutentha, stainless steel kapena titanium. M'katimo mukakhala mpweya wa helium, maatomu ake amadumpha kuchoka pa pepala ili kupita pa linzake atanyamula kutentha, ndipo swichi yalumikiza. Mpweyawo ukachoka, kutentha kumatsala ndi njira imodzi yokha, khoma lopyapyala lija. Chothandiza china ndi chimene James Clerk Maxwell anapeza m'zaka za m'ma 1860: mpweya umayendetsa kutentha mofanana kaya ndi wambiri kaya ndi wochepa, malinga ngati sunachepe mopitirira. Ndiye helium wochepa kwambiri amakwanira.

Funso n'lakuti mpweyawo umachotsedwa bwanji popanda pampu. Yankho lake ndi makala. Si malasha a ku Moatize ayi, koma abale ake a makala ogulitsidwa m'matumba m'mbali mwa msewu wopita ku Zóbuè, kungoti awa amawotchedwanso ndi nthunzi yotentha kwambiri mpaka atadzaza timabowo tosawerengeka. Galamu imodzi ya makala otere, mutatambasula makoma a timabowo take tonse, ingakwane masikweya mita cha m'ma 1,000. Abwino kwambiri pogwira helium amachokera ku zikamba za kokonati, ndipo ngakhale ntchito yaikulu ya ITER ku France, yoyesa kupeza mphamvu pophatikiza maatomu, imadalira makala a kokonati m'mapampu ake ozizira. Pa swichi amaika katsinde kochepa ka makalawa m'kachubu kapambali, n'kumatapo kawaya kotenthetsera. Makala akazizira amayamwa helium yense m'timabowo, m'kachitinimo n'kutsala mopanda kanthu. Mukadutsitsa magetsi pang'ono m'kawayako, makala amafunda ndi madigiri ochepa n'kumulavula. Swichi yonse imayendetsedwa ndi waya wotenthetsera, popanda chilichonse chosuntha.

Kupanga kwake ndiye nkhondo. Mukachepetsa mpata kuti kutentha kudutse kwambiri, timapepala tingakhudzane, pakuti zitsulo zimafota zikazizira ndipo mkuwa sufota mofanana ndi khoma lozungulira. Tikangokhudzana, swichi sidulanso. Mukapyapyalitsa khoma kuti lisadonthe, lingapindike ndi kugwedezeka kwa roketi ponyamuka. Kachubu ka makala kakakhala kolumikizidwa kwambiri ku gawo lozizira, kawaya kotenthetsera kamathira kutentha kwake komweko. Kakakhala kopatuka kwambiri, makala amachedwa kuzizira ndipo swichi imatenga nthawi yaitali kuti idule. Mtundu wa mpweya nawo uli ndi nkhani yake. Helium wamba akazizira kupitirira 2.17 K amasanduka madzi achilendo amene amakwawa pakhoma lililonse monga kansalu kosaoneka, ndipo kansaluko kamayendetsa kutentha modabwitsa. N'chifukwa chake pa maswichi ozizira kwambiri amasankha helium-3, mtundu wopepuka umene suchita zimenezi pa kuzizira kotere, ngakhale ndi wosowa ndiponso wodula kwambiri. Pa maswichi ofunda pang'ono amaika neon, hydrogen kapena nayitirojeni. Ena amachotseratu kawaya kotenthetsera: amayeza mpweya ndi makala mwakuti swichi imadzidula yokha kuzizira kukafika pa mlingo umene akufuna.

Mphamvu ya helium wochepa pa mpata wopanda mpweya inaonekera mowawa mu 2005. Setilaiti ya Suzaku inanyamuka mu Julaye chaka chimenecho ndi chipangizo chofanana ndi Resolve, ndipo firiji yake ya maginito inafika 0.06 K monga anakonzera. Koma helium wotuluka m'thanki sanatayike kutali ndi setilaiti; wina anabwerera n'kulowa pakati pa makoma a chosungiramo, pamene panayenera kukhala popanda kanthu. Chosungiramo chonse chinasanduka swichi ya mpata wa mpweya yolumikiza, yopanda makala okwanira kuidula. Pa 8 Ogasiti helium yense anaphwa, chipangizocho chisanayeze nyenyezi ngakhale imodzi. Japan ndi NASA anayesanso ndi setilaiti ya Hitomi mu Febuluwale 2016. Ulendo uno kuzizira kunayenda bwino, 0.05 K inafikidwa, ndipo anayeza mpweya wotentha wa gulu la milalang'amba la Perseus. Koma mu Marichi setilaitiyo inayamba kuzungulira mosalamulirika n'kusweka, pa chifukwa chosakhudzana ndi firiji.

XRISM ndi ulendo wotsatira. Ili ndi makina oziziritsa, thanki ya helium, ndi firiji ya maginito ya magawo atatu, ndipo anaikonza mwakuti helium akadzatha, gawo lachitatu ndi maswichi ake lidzatumiza kutentha ku makinawo kuti ntchito ipitirire. Maswichi a makala agwira ntchito yake, ndipo timaso 36 tija tili pa 0.05 K. Chimene chinavuta ndi kachitseko koteteza kutsogolo kwa chipangizocho, kamene kanayenera kutseguka kamodzi kokha setilaiti itafika kuthambo. Atakauza kuti katseguke kanakana, ndiye Resolve anayamba kuyeza kudzera pa kawindo ka chitsulo chotchedwa beryllium ka pa kachitsekoko, kamene kamadutsitsa ma X-ray amphamvu koma kamatchinga ofooka.